Anasinthitsa zitseko za galimoto chifukwa cha manyazi

Panali munthu wina kuno ku Dedza dzina lake Gervazio, wogulitsa matabwa kumunsi kwa phiri. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu womudziwa bwino. Matabwa atamuyendera, anagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kunja, zija zotsegula ndi limoti. Galimotoyo inabwera ndi khalidwe lake. Ukadina batani kamodzi chimatseguka chitseko cha dalaivala chokha, kuti zinazo zitseguke umadina kawiri. Ikangoyamba kuyenda, zitseko zonse zimadzikhoma zokha.

Lamulungu lina Misa itatha, kunja kuli mawawa aja a mu Juni, Gervazio anati atenge apongozi ake a Zikhalo, bambo a mkazi wake Falesi. Anadina kamodzi, n'kulowa, n'kuyamba kusewera ndi wailesi. Mdala uja anakoka chitseko chakumbuyo, osatseguka. Anakokanso. Anthu pa tchalitchi akuona.

"Mkamwini watsekera apongozi panja," anatero wina. "Jekete lawo lanyowa, lingawononge mipando."

Anthu anaseka. Gervazio manyazi anamugwira zedi.

Kutacha anapita pa boma kwa a Ignasio, okonza zamagetsi a galimoto.

"Ndikufuna ndikadina kamodzi zitseko zonse zizitseguka. Ndipo zodzikhoma zokhazi muchotse, anthu akumaona ngati ndawatsekera m'ndende."

"Imeneyo si ntchito, ndingolumikiza kamakina aka basi," anatero a Ignasio. "Koma galimotoyi amayendetsanso mayi akunyumba, si choncho?"

"Eya, akamakagula mbatata ku Kaphuka."

"Ndiye zisiyeni momwe zilili. Opanga galimotoyi anachita dala kuti munthu akamalowa yekha, wina asamulowere kumbuyo. Inu ingozolowerani kudina kawiri."

"Amenewo ndi mantha a kunja, achimwene. Kuno timadziwana tonse. Kodi galimotoyi ndi yanga kapena yanu?"

"Ndi yanu, bwana."

Anasintha. Kunyumba Gervazio anangouza mkazi wake kuti wakonzetsa zitseko, zimene ananena a Ignasio sanatchule.

Kuyambira pamenepo galimoto inasanduka ya mudzi wonse. Gervazio akadina, wopita kumaliro walowa, wopita kuchigayo walowa, osapempha n'komwe. Iye n'kumasangalala kuti anthu akumutcha munthu wabwino. Mukuwadziwa anthu otere, kutamandidwa pamsewu ndiye chakudya chawo.

Tsiku lina Falesi anapita yekha ku Kaphuka. Anali masana, msika uli wodzaza. Matumba a mbatata atapakiridwa, anadina limoti n'kulowa. Nthawi yomweyo chitseko chakumbuyo chinatseguka, bambo wina wovala bwino n'kukhala pampando ngati mlamu wake. Amayi ogulitsa kabichi anamuona akulowa, koma anati ndi m'bale wapempha ulendo, poti galimoto imeneyo aliyense amangokwera. Mmodzi anachita kubayibitsa.

"Pepani bambo, ndinu ndani?" anafunsa Falesi.

"Yang'anani kutsogolo, mayi. Asekerereni anzanuwo, tizipita."

Falesi anamva mpeni ukumugunda m'nthiti. Analiza galimoto.

Atayenda pang'ono bambo uja anamuuza kuti achepetse liwiro. Munthu wachiwiri amene anaima m'mbali mwa msewu anangokoka chitseko chakutsogolo n'kulowa, galimoto isanaime n'komwe. Palibe chinamuletsa.

Anamulondolera njira ya fumbi yolowera kunkhalango cha ku Chongoni. Kumeneko anamutsitsa. Falesi anakakamira kiyi, ndiye anamumenya mpaka kumuthyola mkono, n'kumulanda foni ndi nsapato zomwe. Anamupeza ndi amayi otola nkhuni dzuwa litapendeka, akunjenjemera ndi chisanu. Galimoto mpaka lero sinaoneke.

Kuchipatala apolisi anafunsa kuti anthuwo analowa bwanji, poti magalimoto otere amadzikhoma okha. Falesi anati yawo sikhoma. Gervazio anali chiimire pomwepo, maso pansi.

Apolisi atachoka, Falesi anamuyang'ana.

"Bambo a Sandra, pamene munkasinthitsa zitseko zija, wokonzayo sanakuuzeni kanthu?"

Gervazio anayang'ana kukhomo kumene anatulukira apolisi.

"Ndakufunsani."

"Ananena."

"Anati chiyani?"

"Anati ndisasinthe chifukwa cha inu."

Falesi sanalire, sanakalipe. Anangotembenukira kukhoma. Tsiku lotuluka m'chipatala anauza mchimwene wake kuti amutengere kwa makolo ake. Ankhoswe ayesa kupitako kangapo, yankho ndi lomwelo: galimoto sakudandaula nayo, koma sangagone nyumba imodzi ndi munthu amene anachenjezedwa za moyo wake n'kusankha kusangalatsa anthu a pa tchalitchi. Mkono uja unapola mokhota, ndowa ya madzi sanyamula. Ali konko mpaka pano.

Phunziro: Abambo inu ogula magalimoto, tatopa nanu. Mukangogwira kiyi makutu amatseka, wina akakulangizani mumati ndi nsanje, kapena mumati sanapite patali ndi sukulu adziwa chiyani. Ngati limoti yanu imatsegula chitseko chimodzi, isiyeni choncho, kudina kawiri sikunathyolepo chala cha munthu. Ngati munasinthitsa kale, bwererani kwa wokonza akabwezeretse, ndipo akazi anu muwauze zoona. Amayi oyendetsa nokha, mukalowa khomani zitseko musanachite china chilichonse, ngakhale masana pamsika pali anthu. Amene amakusekani pamsewu sadzabwera kudzakhala nanu kuchipatala. Tumizani uthengawu ku magulu anu onse, makamaka kwa m'bale wanu uja wangogula kumene galimoto. Mwina sawerenga, koma inu mukhala mutanena.