Mbaula M'chikuta

Oyeza nyumba anafika mwana wanga asanagwe mchombo. Lamulo lake tonse timalidziwa: nyumba yotaya kutentha amaikhomera chitsulo chofiira pakhomo, n'kuisasula denga, eni ake n'kuwatengera kumidadada ya nyumba za boma. Kusonkha moto m'nyumba ndiye mlandu woposa yonse. Koma mwanayu anabadwa masiku asanakwane, m'chisanu cha Juni cha ku Dedza kuno, ndipo apongozi anga anabisa mbaula kuseri kwa mtsuko.

Ndinasuzumira pampata wa chitseko. Wonyamula makina oona kutentha anali Fatsani, mnyamata yemwe ndinamukana n'kukwatiwa ndi wina. 

"Tsegulani, mayi, ndiyeze zipupa," anatero.

"Muno ndi m'chikuta, bambo," anayankha apongozi atatsekereza khomo. "Mwamuna salowa. Kodi kwanu munabadwira pamtetete?"

"Makinawa amaona ngakhale ndili panja."

Anawakweza. Ine ndinafungatira mwana, makala akuthetheka pafupi ndi mapazi anga. Fatsani anayang'anitsitsa pagalasi la makinawo, kenaka maso ake anapeza anga pampata paja.

"Nachisale, ndi mwana wanji?"

"Wamkazi," ndinanong'ona.

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuloza makinawo kunkhokwe yopanda chimanga. Nyali yobiriwira inayaka.

"Nyumba yabwino iyi!" anakuwa kuti anzake kumsewu amve. Atawerama ngati akumanga nsapato, analankhula chapansipansi: "Mawa kubwera wina kudzatsimikiza. Ameneyo sakukudziwa."

Atachoka, apongozi anatunga madzi m'chikho n'kuima pambali pa mbaula, akudikira kuti ndinene ine ngati azimitse motowo.