Botolo Lopanda Zinki

Chiyambire dzuwa kusenda anthu khungu, banja lililonse linkalandira botolo limodzi la mafuta odzola pamwezi. Nangondo ankasankha a zinki. Ankamutuwitsa mbuu ngati phulusa, koma kumunda ankabwerako wopanda matuza.

Mwezi uwo amene anakatenga anali mwamuna wake, Zuze, ndipo anabwera ndi onunkhira, osalalitsa nkhope.

Nangondo anapaka padzanja, osatuwa ayi.

"Bambo a Tiyamike, zinki ali kuti umu? Fungoli litiphimba kudzuwa?"

"Mwanayu akukwatiwa Loweruka," anayankha Zuze chapansipansi. "Akaime pagulu ngati mzukwa?"

Kuchipinda, Tiyamike anali atayamba kale kudzola, akuimba. Koma udzu m'chimanga sudikira ukwati. Nangondo anafunda chiguduli, nanyamula khasu, akudziwa kuti Loweruka sadzakhala ndi nkhope yoonetsa asewele.