Ntchito Yotsala ya Injiniya Raouf

Kompyuta inakananso kachitatu. Hadeer anaiyang'anitsitsa mizere yofiira ija, kenako anabwerera m'kope la bambo ake. Tsamba lachinayi, mzere wachiwiri: "Usanayambe kumanga pulogalamu, ona ngati malo akukwanira m'kompyuta. Pulogalamu yotsegulira intaneti ndi yadyera." Mzere umenewu anali ataudumpha, monga ankadumphira zambiri zimene bambo akewo ankamuuza ali mtsikana.

Hadeer ndi wogulitsa mankhwala ku Sidi Gaber, za makompyuta sanaziphunzire. Wamakompyuta anali bambo ake, a Raouf, injiniya amene kwa zaka khumi ndi zisanu ankathandiza mwaulere kukonza pulogalamuyi, limodzi ndi anthu a m'mayiko ena oti sanawaonepo nkhope. Ntchito yawo yomaliza inali yokhudza zilembo za Chiarabu, zimene zinkaduka munthu akazikulitsa, moti okalamba a maso ofooka ankangoona zidutswa. A Raouf analemba njira yokonzera vutoli, koma sanafike poiyesa. Inangokhala choncho zaka ziwiri.

Sabata yapitayo kunafika uthenga wochokera kwa anzawo aja: "Tonse timawasowa a Raouf. Koma pakapanda kupezeka womanga pulogalamuyi n'kusonyeza kuti zimene analembazi zikugwira ntchito, Lachinayi madzulo tizichotsa." Tsikulo linali Lachinayi, ndipo dzuwa linali litakwera kale.

Anafufuta makanema ake onse kuti malo apezeke. Anaikamo zida zomangira chimodzichimodzi, chala chili pakope ngati mwana wa sitandade wani. Kenako anayamba kutsitsa malemba a pulogalamu yonse, ndipo intaneti ya m'nyumbamo inkawakoka mwaulesi wokwiyitsa.

Mayi ake, a Soheir, analowa ndi tiyi, makiyi akulira pakhosi. Masiku amenewo ankakiya chitseko chakunja ngakhale masana.

"Iwe, wadyako chiyani kuyambira m'mawa? Chimakina ichi chinandilanda mwamuna zaka khumi ndi zisanu, lero chafunanso mwana."

"Chatsala pang'ono, Mama."

"Bambo ako ankateronso. Pang'ono, pang'ono, nsomba n'kuzizirira patebulo." Anapukuta fumbi pampando wachikopa umene palibe ankaukhalanso, n'kuika bwino magalasi owerengera amene anali pamenepo. Masuti a amuna awo anali atapatsa kale mlonda wa pakhomo, koma magalasiwo anakanika kuwachotsa. Potuluka anati, "Ndipo usaphokose."

Itangokwana 12 koloko, Hadeer analemba lamulo lomangira, mtima uli m'mwamba. Ulendo uno mizere inayamba kuthamanga, yoyera yokhayokha, kompyuta ikupuma ngati munthu wokwera masitepe. Anatembenuza tsamba. "Ikayamba kumanga, usaigwire. Ukagule basbousa. Womanga koyamba amadyetsa mphunzitsi wake."

Hadeer anaseka. Umenewu unali mwambo wa bambo ake. Ophunzira awo ankakwera masitepe a nyumbayi atanyamula timabokosi ta makeke otsekemerawa, ndipo Hadeer ankadya nawo osachita manyazi. Koma atamuitana kuti akhale pambali pawo aphunzire, anawayankha kuti makompyuta ndi a anthu opanda anzawo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anaseka, osamuitananso. Mawu amenewa akhala akumupweteka kuposa china chilichonse chimene ananenapo, chifukwa nthawi yowabweza inapita iye akuti mawa.

Anatuluka pakhonde, n'kutsitsa dengu pachingwe mpaka pakhomo la sitolo ya makeke ya pansi.

"Ya a injiniya ija, ya mtedza wa maamondi?" anafunsa wogulitsayo atakweza mutu.

"Yomweyo, amalume."

Bamboyo anaima kaye, kabokosi kali m'manja. "Anali munthu, a injiniya. Mulungu akupatseni mtima wopirira."

Maola atatu anadutsa. Hadeer sanaigwire kompyuta, ngakhale pamene inaoneka ngati yaima ndipo chala chinkamuyabwa. Kuitanira swala ya masana kutangomveka kumzikiti, mizere inasiya kuthamanga, pansi pake panatuluka mawu oti kumanga kwatha bwino.

Anatsegula pulogalamu imene anamanga ndi manja ake. Analembamo dzina la bambo ake m'Chiarabu, n'kulikulitsa kamodzi, kawiri, kasanu, mpaka linadzaza galasi lonse. Palibe chilembo chinaduka. Anajambula chithunzi n'kutumiza, ndipo yankho silinachedwe: "Zagwira. Taziphatikiza, ndipo dzina la a Raouf lalowa."

Hadeer analira chamumtima, dzanja lili pakamwa kuti asaphokose. A Soheir anaima pakhomo la khitchini, n'kuona dzina lija. Anangotenga mbale yabwino, yosungira alendo, n'kuikamo basbousa.

Atanyamula kompyuta kudzanja limodzi, mbale kudzanja lina, Hadeer anakankha ndi phewa chitseko cha chipinda chamkati. A Raouf anali pawindo, atavala mkanjo wawo woyera, ndipo dzina lija analiwerenga pang'onopang'ono popanda magalasi, kenako anamumwetulira mwaulemu, monga ankamwetulira aliyense chiyambireni matenda awo oiwala.

"Zikuwerengeka bwino kwabasi, mayi. Raouf ameneyu ndi m'bale wanu?"