Mtedza wa Dokowe

Padangotero, kudali maiko awiri oyandikana: phiri la Nyani ndi chigwa cha Gologolo. Njala itavuta, Dokowe wa kutsidya kwa nyanja adayamba kubweretsa mtedza wa chithandizo. Chaka choyamba Nyani adalandira madengu asanu, Gologolo limodzi lokha.

Nyani ankangokazinga wake n'kukukuta mpaka kutha. Gologolo, mwa chizolowezi chake, ankakwirira wake m'nthaka n'kuiwala pomwe wakwirira. Mvula ikagwa, chigwa chonse biriwiri!

Zaka zitapitapo, madengu a Nyani adafika makumi awiri, pamene Gologolo sankalandiranso kanthu. Nyani adatsetsereka phiri akuvina.

"Pepanitu alamu! Mlendo uja amakonda ife. Inu adakutayani!"

Gologolo adaseka mpaka mchira kugwedezeka. "Tabwerani kuseri kuno, alamu."

Kuseri kwa nkhokwe ya Gologolo, Nyani adapeza Dokowe ali thukuta kamukamu, akudzaza madengu makumi awiri.

"Mukupita nawo kuti mtedzawu, bwana?" adafunsa Nyani.

"Kwanu," adayankha Dokowe. "Chaka chachitatu chino ndikugula konkuno."

Gologolo adapatsira Nyani nkhata, akumwetulira. "Poti mwabwera nokha, senzani alamu, mlendoyu apumitseko mapiko."