Mawu a Blaise

Mdima utangogwa, Aggie ananyamula laputopu ya malemu mchimwene wake Blaise, amene anamusiyira ntchito ya u-DJ, kupita kwa Bashir, katswiri wa makompyuta, ku Chinamwali komwe kuli waifai. Mawa lake anali ndi ukwati woti akaimbe, ndiye eni ukwati anali atadandaula kuti nyimbo zake zimalira ngati wailesi yotha mabatire.

"Izi n'zophweka, sisi," anatero Bashir. "Pulogalamuyi ichotsa mafayilo akalewa n'kuikamo oyera. Tidine?"

"Dinani basi."

Pobwerera kwawo ku Matawale, Aggie anavala mahedifoni kuti amvere zomwe anakopera mufoni. Nyimbo zinali mbee, besi yake bho. Koma atayenda pang'ono anaima. Blaise ankajambula mawu ake pamwamba pa nyimbo iliyonse, kukuwa dzina lake kuti ma DJ ena asamubere. Mawuwo anali m'mafayilo akale aja. Anayesa nyimbo ina, inanso, koma monse munalibe mawu a Blaise. Vidiyo ya Blaise analibe, mavoisi ake anapita ndi foni yakale.

Anamuimbira Bashir.

"Akale aja munasungako?"

"Aa sisi, simunanenetu."

Anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kuvula mahedifoni, misozi ili chuchuchu. Magetsi anali atathima dera lonse, ngakhale jenereta sinkamveka.

Kenako kumbuyo kwake, m'munda wa chimanga, wina anagogoda maiki kawiri. Anapumira momwemo, wefuwefu, ngati munthu wochokera kutali.

"Wani thuu, wani thuu. Achemwali, ndikumveka?"