Mpunga Wamera Pamchere

Mayi Eliness Maliro anazula phata limodzi la mpunga. Mizu inatuluka yoyera, yonenepa, ikudontha matope.

Anayang'ana m'mbali mwa munda wawo wa ku Bwanje. Mchere unali pomwepo, utayera mbuu m'milambala. Ndi mchere womwewu umene unkapsereza mpunga wawo chaka ndi chaka, mpaka achimwene awo anawauza kuti ausiye mundawo, akalime mbatatesi kumtunda ku Kandeu. Koma mbewu yatsopanoyi, imene mwana wawo Thokozile anabwera nayo kuchokera kuntchito yake yofufuza za mbewu, inali itabiriwira mpaka m'mawondo.

"Thoko, mwana wanga, kodi mpungawu sukuumva mcherewu?"

"Ukuumva, amayi," anayankha Thokozile. "Koma m'chibadwa chake muli kanthu kamene kamadzuka mchere ukachuluka. Kamalamula mizu kuti iutsekereze mcherewo, usakwere kukawotcha masamba."

Mayi Maliro anabwezera phatalo m'matope, nalitsendera bwinobwino ndi zala. Misozi inalengeza m'maso. Munda umenewu anauswa mphanje ndi malemu amuna awo, ndipo tsopano sakanausiyanso.

"Anthu amene anavutika nayo mbewuyi, mayina awo ndani? Ndikufuna ndikawatchule m'pemphero Lamulungu."

"Ndi ambiri, amayi. Ena ali kunja, ine sindinawaonepo n'komwe."

"Palibe kanthu," anatero mayiwo, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndikangoti aja a mpunga. Mulungu mwiniwake akuwadziwa."