Dzanja la a Maliro

A Maliro ananyamula chopanira choyamba ngati chikuwotcha. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kuchifinya pang'ono, kenaka n'kuchibweza pa thumba limene Felesiya anayala pakhomo pa khola la nkhalambayo.

"Ichi ndiye ayi, mayi a Dalitso. Chimafuna dzanja la mnyamata."

Felesiya anakweza mwana wake Dalitso kumsana n'kumangitsa chitenje. Chopanira chimenecho chinali cha gulu la alimi, chachitsulo chokhachokha, ndipo alimi onse a ng'ombe za mkaka m'mudzimo ankaikira chomwecho nambala pa makutu a mathole. Nkhalamba zoposa a Maliro zinkachifinya osadandaula. Koma chitangofika pa thole la Felesiya, nyamakazi inapeza pokhala.

Lamulo la gulu linali losavuta. Ng'ombe yako ikaswa thole lalikazi, umalera mpaka lisiye kuyamwa, kenaka umalipereka kwa wotsatira pa mzere. Woperekayo ndiye amaboola khutu ndi dzanja lake, kusonyeza kuti wapereka ndi mtima umodzi. Nambala isanalowe, thole likadali la gulu. Ikalowa, latuluka.

Wopereka ulendo uno anali a Maliro, wotsatira linali banja la Felesiya. Dzina lolembedwa ku gulu linali la mwamuna wake, Bester, koma thukuta linali la mkazi. Bester ankachita kabaza ku Nathenje ndipo kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Nsenjere ya kudimba anadzala ndi Felesiya. Mitengo ya khola anasenza pamutu ali ndi pakati. Tsopano kholalo linali lopanda ng'ombe, nkhuku zikuikiramo mazira, pamene Dalitso ankamwa phala lopanda ngakhale dontho la mkaka.

"Yesani ichi," anatero Felesiya.

Chachiwirichi anachita kukabwereka kwa wogulitsa mankhwala a ziweto pa msika wa Mitundu. Chinali chopepuka, zogwirira zake zokutidwa ndi labala. A Maliro anaikamo nambala yachikasu, n'kuyesera pa kachidutswa ka katoni. Anakwinya nkhope, mitsempha ya pakhosi kuchita kutuluka. Katoni sanabooke.

"Chayasama kwambiri. Zala zanga sizikufika."

Felesiya anaziyang'ana zalazo. Zala zomwezo zinkakama ng'ombe m'mawa ndi madzulo mpaka ndowa kuchita thovu. Iye anali ataziona dzulo lomwe zikumanga mtolo wa mapesi. Munthu wamkulu, wa imvi zake, amene Lamulungu amayendetsa mbale ya chopereka m'tchalitchi nkhope ili yoyera ngati mngelo, lero kukakamira thole la eni ngati nkhupakupa. Akanangonena kuti akulifuna, bwenzi zili bwino. Wakuba wolowa pa zenera amaposa wakuba wonamizira matenda.

Thole linali chiimire pa ngodya, chingwe chili m'khosi, likunyambita mtengo. Lakuda ndi mawanga oyera, msana wowongoka, miyendo yolimba. Felesiya anali atalipatsa kale dzina mumtima.

"Bwanji tidikire msonkhano wa gulu, mayi?" a Maliro anafunsa, maso ali pansi. "Suli kutali."

"Msonkhano ukudzakupatsani dzanja lina?"

"Amuna anu abwera liti?"

"Amuna anga sakuboola khutu. Mukuboola ndinu."

Felesiya anamasula mpango n'kutulutsa chachitatu. Ichi ndiye chinali chatsopano, chikadanunkha pulasitiki. Bester anachitumiza pa minibasi atamva pa foni kuti nkhalamba ikuzengereza. Anachita kusankha yekha: zogwirira zazitali, msomali wakuthwa, chofewa moti ngakhale mwana wa pulayimale akhoza kuchitseka ndi zala ziwiri, ndipo chimadzitsekula chokha chikaboola. Masiku onsewa Bester ankaimba m'mawa ndi madzulo, kufunsa ngati nambala yalowa. Felesiya anali asanamuonepo akusamala za pakhomo chonchi.

Anaika katoni, n'kufinya ndi dzanja lamanzere. Thwa. Anawaonetsa a Maliro bowo lija pafupi ndi mphuno.

"Ine mzimayi woyamwitsa, ndi dzanja lamanzere. Nanga inu muti chiyani?"

A Maliro anachilandira. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kusakasaka chilema, koma chilema panalibe. Analowa m'khola pang'onopang'ono ngati akupita ku bwalo la milandu. Felesiya anawatsatira. Anapanikiza thole ku mtengo ndi ntchafu yake, n'kupukuta khutu ndi kansalu konyowetsa mu sipiriti, n'kulozera pakati pa mitsempha iwiri pomwe alangizi amati ndi poyenera.

A Maliro analowetsa khutu pakati pa chopanira. Dzanja linaima. Linayamba kunjenjemera, kunjenjemera kwa pa sewero la ana a sukulu, komwe ngakhale Dalitso kumsanako sakanakhulupirira.

"Mayi a Dalitso, pali mawu ena amene munthu wapadera…"

Felesiya anali atatopa ndi mawu. Anaika manja ake onse awiri pamwamba pa dzanja la nkhalambayo n'kufinya.

Thole linadumpha, n'kupukusa mutu. Nambala yachikasu inali lende pa khutu.

"Dzanja lanu ndi limene laboola," anatero Felesiya, akupuma mwamphamvu. "Nyamakazi yapola."

Anatulutsa foni m'chitenje kuti amuuze Bester. A Maliro anatsamira mtengo wa khola, chopanira chili m'manja.

"Musawononge mayunitsi, mayi, amuna anu abwera okha kudzalitenga. Ine ndimati msonkhano uyambe wachotsa dzina lawo n'kulemba lanu, chifukwa thole likakhala ndi nambala limatsata mwini dzina. Khola limene amanga kwa mkazi wawo watsopano ku Nathenje afolera kale ndi malata."